Thabwa la Nadine

Kanyimbo kodikirira ka pafoni katayambiranso kachisanu ndi chiwiri, Orval Tackett anamenya tebulo mpaka khofi wanga anatayikira.

"Mphindi makumi anayi," anatero, akuloza foni imene inagona chagada pakati pa tebulo. "Munthu atha kubadwa, kukwatira n'kufa akumvera kalimba kameneka."

"Ukamenyanso undigulira khofi wina," ndinamuuza.

"Khofiyo ndi wanga, nkhalamba iwe. Ndi tebulo lomwe."

Sankanama. Chaka chimenecho miyendo inali itanditopetsa. Ndinali nditathyola maapulo ku Washington, kutsuka mbale m'sitima za pa mtsinje wa Mississippi, kugona m'madepoti osawerengeka, ndipo nditafika kumapiri a Kentucky ndi kachikwama kamodzi, Orval, amene tinakumbira limodzi malasha tili anyamata, ananditsegulira kachipinda kakuseri. Nkhani za anthu ndatola zambiri, zina zongomva m'mabasi. Iyi ndinaiona ndi maso angawa.

Galimoto inali ya mkazi wake, Nadine. Patangotha miyezi iwiri Nadine atamwalira, injini inagogoda kawiri pachitunda cha kutchalitchi n'kuuma gwa. Purvis, makaniko wa m'tauniyo, anaikamo ina pa madola 5,300. Orval analibe kwina kogwira, choncho anatapa ndalama zimene anasungira mwala wa pamanda. Kuyambira pamenepo Nadine ankagona pansi pa kachitsulo kongoyembekezera, kokhala ndi kapepala ka dzina kamene mvula inali itayamba kale kukadya.

Kenako kunabwera kalata. Eni magalimoto a mtundu umenewo, zikwi zambirimbiri, anali atasumira kampani imene inawapanga pa mlandu umodzi chifukwa mainjini ake ankafa msanga. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalola kubwezera aliyense amene anakonzetsa ndi ndalama zake. Orval anadzaza fomu, anaphatikapo lisiti la Purvis. Anamukana. Anatumizanso, anamukananso.

Kanyimbo ka pafoni kaja kanaduka.

"Zikomo podikira, dzina langa ndi Kendra. Ndikuthandizeni chiyani?"

Orval anavala magalasi n'kuwerenga nambala ya fomu yake, yaitali ngati sitima ya malasha.

"Bambo Tackett, apa zikuonetsa kuti palibe umboni woti munkasintha oyilo pa nthawi yake. Tikufuna malisiti a kugalaja."

"Mayi, kuno mwamuna salipira mnzake kuti amusinthire oyilo. Ndimalowa pansi ndekha. Bambo anga ankalowa okha."

"Nanga malisiti ogulira oyiloyo?"

"A zaka zisanu ndi ziwiri? Inuyo mumasunga lisiti la buledi?"

Tinamva zala zikugogoda makina. "Malamulo amalolanso kaundula wolemba pamanja."

"Ndinakutumizirani chithunzi chake mwezi watha."

"Chithunzi sitilandira, bambo. Pamafunika chikalata chenichenicho."

"Chikalata chenichenicho ndi khoma la galaja yanga."

Zala zija zinagogodanso makina.

"Pepani, bambo, ine ndimangowerenga zimene zalembedwa apa. Mwatsala ndi masiku asanu ndi anayi oti mutumize umboni. Pali chinanso chimene ndingakuthandizeni?"

"Chinanso? Choyambacho mwandithandiza liti?"

M'mawa mwake tinali atatu m'galaja: Orval, ine, ndi Purvis amene anabwera ndi sowo yochekera matabwa ali ndi chotokosera mano pakamwa. Khomalo linali la matabwa, ndipo thabwa lachitatu kuchokera pakhomo linali lolembedwa ndi pensulo kuyambira pamutu mpaka m'chiuno. Umu ndi mmene banjali linkachitira: Orval akalowa pansi pa galimoto, Nadine ankaima pambali kumupatsira masipanala, ndipo akatha, Nadine ankalemba pathabwapo tsiku ndi mamailosi. Koma Nadine sankatha kulemba nambala yokha. Mzere uliwonse unali ndi kamchira kake.

"Orval watukwana katatu," Purvis anawerenga mokweza. "Kwagwa chipale chofewa, wakana jekete. Wataya chotsekera, akuti ndine." Anaseka mpaka chotokosera chinagwa. "Mkazi ameneyu ankakusunga ngati wapolisi."

"Unabwera kudzadula kapena kudzaphunzira kuwerenga?"

Purvis anapitirira kutsika ndi chala, kenako chala chinaima. Mzere womaliza unali wa dzanja lonjenjemera, zilembo zopendekeka ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Ine ndinauwerenga chamumtima: "Tachedwa, koma si mlandu wake."

"Orval," anatero Purvis, kuseka kutamuthera, "apa pali mamailosi 9,100 pakati pa mizere iwiriyi. Buku la kampani limati osapyola 7,500."

"Ndikudziwa. Ndi miyezi ija tinkapita kuchipatala ku Lexington katatu pa sabata. Ndikanalowa pansi pa galimoto nthawi yanji? Titabwerako komaliza Nadine anandiuza kuti ndimutulutsire mpando ndi bulangete. Anakhala pamene waimapo iwepo."

"Anthu amenewo sakawerenga za Lexington. Akawerenga nambala." Purvis anatsitsa mawu ngati pali wina womvera kuseri. "Ndi pensulo iyi, mzanga. Imafufutika. Tichotse kamchirako, tilowetse mzere umodzi pakatipa, zatha. Apo ayi, kushopu ndili ndi buku la malisiti losalemba. Ndikulembera zaka zisanu ndi ziwiri tisanadye nkhomaliro."

"Injini ija inafa chifukwa cha oyilo?"

"Ayi. Ndinaitsegula ndekha. Inabadwa yodwala."

"Ndiye ndinamirenji?"

"Kuti Nadine apeze mwala, chitsiru iwe."

Orval anayang'ana thabwa lija nthawi yaitali. Ine ndinali kumbali ya Purvis, ndipo ndinanena. Ndaona maofesi ambiri, sindinaonepo imodzi yokhala ndi makutu. Koma Orval anangopukusa mutu.

"Mkazi uja sanalembepo bodza pakhoma ili. Sindiyamba kumulembera ine atafa. Dula."

Purvis anadula pamwamba ndi pansi, utuchi ukugwera pa nsapato zathu. Thabwalo litazuka, kuwala kunalowa n'kugona pagalimoto. Pensulo ya Nadine inatsala ikulendewera pa kachingwe kake pamsomali.

Kupositi ofesi, mayi wa pawindo anaika bokosi la thabwalo pasikelo n'kutiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"M'katimu muli chiyani, Orval?"

"Chikalata."

"Chikalata chotalika ngati mwana wa sitandade wani?"

"Chenichenicho," anatero Orval. Analipira madola makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, ndipo pabokosipo analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti akatha alibweze.

Dzinja lonse mphepo inkaliza likhweru pampata uja. Ndinamuuza kawiri kuti tikhomepo thabwa lina, iye n'kumati malowo ali ndi mwini wake. Tsiku lililonse ankatsika kumsewu kukatsegula bokosi la makalata, n'kubwerako ndi mapepala otsatsa malonda. Ine miyendo inali itayamba kale kundiyabwa, koma ndinati ndione mathero ake.

Envulopu inafika mu Epulo. Munali cheke cha madola 412 ndi kalata ya masamba atatu. Inati umboni walandiridwa, koma popeza mwini galimoto anapyola malire a oyilo kamodzi, monga kaundula wake yemwe akuvomerezera, agwera m'gulu la olandira kachigawo chabe.

"Akuvomerezera," Orval anabwereza. "Amuika Nadine kukhala mboni yawo."

Anaimbanso foni. Ulendo uno kanyimbo kanatha ola lathunthu, ndipo anayankha mwamuna wa mawu aulemu kwambiri, dzina lake Desmond.

"Mungathe kuchita apilo, bambo Tackett, koma nthawi yake inatha sabata yatha."

"Kalatayi yafika lero."

"Timawerenga kuyambira tsiku limene inalembedwa, bambo."

Orval anatseka maso. Atatsegula pakamwa, mawu anatuluka ofatsa.

"Chabwino, mwana wanga. Zandalamazo zisiye. Ndibwezereni thabwa langa."

Zala zinagogoda makina. Zinasiya. Zinagogodanso.

"Apa alemba kuti silinakwane m'makina athu okopera zikalata. Ndiye wina anangolijambula chithunzi ndi foni, n'kuika chithunzicho m'faelo yanu."

"Chithunzi."

"Inde, bambo. Chikuoneka bwinobwino."

"Nanga thabwalo?"

"Zikalata zonse timaziwononga pakatha masiku makumi asanu ndi limodzi, poteteza chinsinsi chanu. Mukafuna, chithunzicho ndingakutumizireni."

"Ndili nacho," anatero Orval. "Chinayamba n'changa."

Anadula foni yekha, modekha, ngati akutseka maso a munthu womwalira. Cheke chija anachipanikiza ndi botolo la mchere, ndipo chinakhala pomwepo mpaka tsiku limene ndinachoka. Wosema miyala wa kutauni anali atanena kale kuti mwala wotsika mtengo kwambiri, wopanda ngakhale duwa, ndi madola zikwi ziwiri.

Loweruka lotsatira ndinamupeza m'galaja miyendo yokha ikuonekera pansi pa galimoto. Injini yatsopano inali itakwanitsa mamailosi ake osinthira oyilo.

"Usangoima ngati mtengo wa magetsi," anatero ali pansipo. "Ndipatsire sipanala yaing'onoyo."

Ndinamupatsira yolakwika. Anatukwana kamodzi. Ndinamupatsira ina, anatukwananso. Oyilo wakuda anatsikira m'beseni, watsopano analowa, ndipo iye anatuluka chagada, akubuula ndi mawondo. Anapukuta manja pansanza, anasuzumira nambala ya mamailosi, akuibwereza pamilomo kuti isamuthawe. Kenako anatembenuka, n'kugwira pensulo ija pa kachingwe kake.

Dzanja linapita lokha pamene Orval ankaona dzanja la Nadine likupita zaka zonsezo. Nsonga ya pensulo inalowa pampata wa thabwa lija n'kutulukira kunja, padzuwa. Orval anaima choncho, mkono uli m'khoma mpaka m'chigongono, milomo ikutchulabe nambala ija.