Mapazi a Katsimphina

Anamakoswe anaviika timapazi takumbuyo ta khosweyo mu inki, n'kumuika pakamsewu kapepala. Dzina loti Anamakoswe anapatsidwa ndi anzawo a kulabotale chifukwa chosamalira makoswe ofufuzira, ndipo anasiya kalekale kulikana.

"Yenda, Katsimphina, usandichititse manyazi," anatero.

Khoswe anayenda. Zala zimene zinali zofumbata miyezi inayi yapitayo zinadinda papepala zitatambasuka.

Adokotala anali atadula mtsempha wopatsa mwendo mphamvu ndi kumva pa makoswe makumi awiri, n'kuumezanitsa ndi chigamba cha mtsempha wina. Khumi analandira chigamba chokhachokha. Khumi enawo, a m'gulu la Katsimphina, analandira chigamba chobwera ndi timitsempha take ta magazi.

Kunyumba, amuna a Anamakoswe, kalipentala, anali ndi dzanja lamanja lakufa chichekedwereni ndi makina. Ankakana kuphunzira kugwira ntchito ndi lamanzere. "Ndikudikira alamu anga makoswe," ankatero.

Kulabotale kuja, adokotala anayeza zidindo za mapaziwo ndi rula, nayezanso.

"Gulu ili lachira mopitirira, mayi. Ndikuchita kukayikira maso anga."

"N'chifukwa choti ndimawathandizako," anayankha Anamakoswe monyadira. "M'mawa uliwonse ndimawasisita timiyendo, kuwongola kachala kamodzikamodzi, monga ndichitira ndi dzanja la abambo kunyumba."

Adokotala anaika rula pansi pang'onopang'ono.

"Onse makumi awiri?"

"Ayi, khumi a magaziwo. Enawo munati ndi ongoyerekezera."

M'chipindamo munangomveka makoswe akukukuta chakudya.

"Mayi, chifundo chinaphetsa nkhwali. Tsono ndidziwa bwanji chimene chawachiritsa, magazi kapena manja anu? Ntchito yonseyi tiyambiranso."

Sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinawawa kwambiri. Anamakoswe anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Nanga dzanja la amuna anga? Ndimati makoswewa akachira msanga, inu muyamba kuchiza anthu."

"Ndani anakuuzani zimenezo?"

"Palibe. Ndinangoganiza ndekha."

Adokotala anawakokera mpando. "Kuchoka pa khoswe kukafika pa munthu ndi ulendo wa zaka. Ndipo mnofu sudikira. Ukakhala nthawi yaitali wopanda mtsempha umafota, sudzukanso. Dzanjalo latha zaka zingati?"

"Zitatu."

Adokotala anapukusa mutu.

Madzulo Anamakoswe anapeza amuna awo atakhala pakhomo pa shedi, pomwe pulena ndi macheka zinali zitachita dzimbiri pakhoma. Bamboyo ananyamula dzanja lakufa ndi lamoyo, naliika pamiyendo ya mkazi wake monga mwa masiku onse.

"Alamu anga akuti bwanji lero? Ayamba kuvina?"

"Akuyenda," anatero Anamakoswe.

"Si ndinanena? Kuona maso a nkhono n'kudekha, mkazi wanga."

Anamakoswe analisisita dzanjalo, lopyapyala ndi lozizira, mpaka kumapeto a chala chilichonse. Kenako analibweza kwa mwini wake mwaulemu. Analowa m'shedi, natsitsa pulena, naipukuta ndi m'mphepete mwa diresi, n'kuiika m'dzanja lamanzere la amuna awo.

Bamboyo anayang'ana pulena, nayang'ana nkhope ya mkazi wake. Kumwetulira kunazima pang'onopang'ono. 

"Thabwa ndikugwirirani ine," anatero Anamakoswe.