Thumba Lopanda Miyendo

Kanji anabwera kuchokera kunyanja wopanda nsomba ndi imodzi yomwe. Anabwera ndi zovala zonunkha, ndi chithunzi chimene anachiika patebulo pakati pa mbale zosatsuka.

Mkazi wake Tomoe anali akupinda zochapa, mwana wawo Riku atamukakamira mwendo. Anasuzumira. Chinali chinthu chotuwa, chofufuma, ngati mochi, kakeke kofewa ka mpunga, koti wina wakaponda.

"N'chiyani chimenechi, bambo a Riku?"

"Chimenechi chitenga dzina lanu," anatero Kanji, mano onse panja.

Ntchito ya Kanji inali yotsegula fujitsubo, tizigoba tija timamata pamiyala, koma zake zinkachokera pansi penipeni pa nyanja. M'kati mwake ankafunamo tizilombo toyamwa, abale ake a nkhanu. Ichi chinali cha mtundu watsopano, ndipo wochitulukira ndiye amachitcha dzina. Pepala lolengeza dzinalo linali lopita kwa osindikiza mawa lake. Likangosindikizidwa dzina silifufutikanso, ngakhale banja lithe.

"Anzanu amagulira akazi awo ndolo," anatero Tomoe. "Nkhope yake ili mbali iti?"

"Chachikazi chilibe nkhope, n'thumba chabe la mazira. Mtundu timauzindikira poyang'ana chachimuna, kanthu ngati njere ya chitowe. Timawerenga tiubweya ta m'miyendo mwake."

"Ndiye mwaona thumba, mwakumbuka ine."

Apongozi a Tomoe, mayi Fusae, anali atalowetsa miyendo pansi pa tebulo lofunda, lija lalifupi lofunditsidwa bulangete, akusenda lalanje. "Ine ndinam'bereka ameneyu, koma sanandipatsepo ngakhale nyongolotsi."

"Tengani, amayi," anatero Tomoe. "Ndakupatsani ndi manja awiri."

"Ayi, zotsala za anthu sindilandira."

Tomoe anauza mwamuna wake kuti afufute dzinalo mpunga usanapse. Kanji anatsegula kompyuta ali ndwii, uku akung'ung'udza kuti chilombo chabwino ngati chimenechi anthu sachimvetsa. Chikangopeza chigoba chake chimalowa, basi, miyendo n'kutha.

Tomoe anasiya kupinda. "Kutha bwanji?"

"Imangofota. Sichiifunanso."

"Nanga kumsika amapita ndani?"

"Chakudya chimayamwa pomwe chakhalapo."

"Ana?"

"Akangoswa amasambira okha, sabwerera."

"Chachimuna chija sichifunsa kuti masokosi ali kuti?"

"Chilibe masokosi, mayi a Riku."

Tomoe anayang'ana mulu wa zochapa, anayang'ana mbale, anayang'ana mwana amene tsopano ankamupukutira mamina pasiketi. Anatenga chithunzi chija n'kuchiyang'anitsitsa. Sichinali choipa kwenikweni. Chinkaoneka chogona bwino.

"Musafufute."

"Ngati simukuchifuna, ine ndikhoza kuchiganizira," anatero mayi Fusae.

"Mwachedwa, amayi. Sunthani."

Tomoe anam'matula mwana pamwendo, n'kumuika pamiyendo pa bambo ake. Analowa pansi pa tebulo lofunda mpaka m'khosi, natenga theka la lalanje la apongozi.

"Dzinalo mulembe bwino," anatero atatsinzina. "Ndipo mpunga ukapsa mundibweretsere pompano."