Nambala ya Mlamu pa Mndandanda Wobiriwira

Nambalayo ndinaiona Lachinayi masana, buledi wa tchizi ali m'kamwa, ndipo buledi uja anakana kutsika.

Ine ndine Wietske. Ndinali nditatha miyezi isanu ndikuphunzira ntchito ku khoti la milandu ya nkhondo kuno ku Den Haag m'dziko la Netherlands, mu ofesi yoyang'anira anthu osungidwa m'ndende podikira milandu yawo. Yanga inali ya mafoni. Wosungidwa aliyense ali ndi mindandanda iwiri ya manambala amene amaloledwa kuimbira. Woyera ndi wa abale, ndipo zonse zimene alankhula pamenepo zimajambulidwa. Wobiriwira ndi wa maloya ake. Pamenepo palibe kujambula, palibe kumvetsera, lamulo limakana.

Tsono pa mndandanda wobiriwira wa a Zelkovar, mkulu wa asilikali wakale amene ankazengedwa mlandu wopha anthu m'midzi itatu, panali nambala ya mlamu wawo. Anaiika ndani? Ine ndemwe, ndi zala zangazi. Masabata awiri m'mbuyomo maloya awo anatumiza kalata yopempha kuti tiwonjezere manambala awiri. Ine nditangoona chidindo cha maloya pamwamba, ndinaponya onse awiri kobiriwira n'kuthamangira njinga mvula isanayambe. Chonsecho kalatayo inkanena poyera kuti wachiwiriyo ndi mlamu, apite koyera. Kumeneko maso anga sanafikeko.

Ndinatsegula kaundula wa mafoni. A Zelkovar anali atamuimbira mlamuyo katatu, komaliza dzulo lake, mphindi makumi anayi. Ndipo Lolemba mayi wina amene ife tinkangomudziwa kuti Mboni 41 amayenera kubwera kuchokera kwawo kudzachitira umboni pa mlandu womwewo. Dzina lake lenileni a Zelkovar ankalidziwa, poti wozengedwa amauzidwa anthu amene adzamuneneze. Pa foni yosajambulidwa akanatha kutuma mlamuyo kwa mayiyo popanda wodziwa.

“Iwe, tchizi walowa kolakwika?” anafunsa Joaquim, mnzanga wa ku Portugal amene tinkaphunzira naye ntchito pa tebulo limodzi.

Ndinamutembenuzira kompyuta. Anawerenga, naimba kamluzu, kenako n'kukokera mpando pafupi.

“Isamutse mwakachetechete,” ananong'ona. “Amawerenga zimenezi ndani? Kwangotsala masabata atatu kuti ulandire kalata yako yokuyamikira. Ukaulula, mtauni muno sudzapezanso ntchito, ngakhale yopukuta matebulo.”

“Nanga mayi uja?”

“Aaa, mwinatu amangokamba za mpira. Amuna awiri pa foni, ukuganiza kuti amakamba chiyani?”

“Nanga ngati si mpira?”

Apo Joaquim anayamba kusakasaka cholembera chimene chinali m'manja mwake momwe.

Ndisaname, ndinaisamutsa. Ndinaichotsa kobiriwira n'kuiika koyera, ndipo kwa kanthawi ndinapuma. Kenako mantha anabweranso, oposa oyamba aja. Joaquim ndinamukwiyira koopsa, osati poti ananama, koma poti ananena zomwe mtima wanga unkafuna kumva. Ndikakhala chete, palibe amene akapite kukamuona mayiyo. Ndikalankhula, a ofesi yoteteza mboni angathe kumusamutsa lero lomwe. Zinali choncho basi, ndipo ndinakhala mphindi makumi awiri ndikufunafuna njira yachitatu, osaipeza.

Abwana athu, a Liesbeth Oosterhuis, ndi loya wa mawu ochepa. Ndinawapeza akusenda nachesi.

“A Liesbeth, ndalakwitsa chinthu chachikulu.”

“Tseka chitseko.”

Ndinafotokoza zonse. Sanandidule. Anangoika nachesi uja pambali.

“Kangati?”

“Katatu.”

“Nambalayo ikadali kobiriwira?”

“Ndaisamutsa. Posachedwapa. Ndimafuna... ndimafuna ndisanene.”

Anandilozera mpando. “Khala apo. Kompyuta usaigwirenso. Lemba zonse papepala, ndi zakusamutsazo, ndi nthawi yake.” Ali mkati molankhula, dzanja linali kale pa foni kuimbira oteteza mboni.

Pofika madzulo yankho linali limodzi: foni ya mayiyo ikuitana, koma sakuyankha. Lachisanu chimodzimodzi. Anatumiza munthu kunyumba kwake, n'kupeza chitseko chokhoma, zovala zikadali pa chingwe.

Loweruka ndinakwera njinga kupita kunyanja ku Scheveningen kuti mphepo indiwombe, koma msewu wake umadutsa pa mpanda wa ndende imene ankasungirako a Zelkovar, ndiye ndinabwerera panjira. Amayi anga anandiimbira kuchokera ku Leeuwarden, akuti mawu ako akumveka bwanji, ukudya koma? Ndinati ndi chimfine. Tinalumbira kuti za kuntchito sitiuza munthu, ngakhale wotibereka. Ndinkangoona nkhope ya mayi amene sindinamuonepo, nthawi zina wokalamba, nthawi zina wa msinkhu wanga.

Lolemba ndinafika isanakwane eyiti. A Liesbeth anali atafika kale, jekete ikadali yonyowa.

“Amupeza dzulo kwa mchemwali wake. Ali moyo, ana akenso ali bwino.”

Ndinagwira khoma. “Mulungu wanga!”

“Koma sabwera. Akuti zonse anaiwala, sakukumbukira kanthu.”

“Amuopseza?”

“Amufunsa. Akuti ayi.”

“Ndi mafoni aja, eti? A Liesbeth, ndiuzeni, ndi mafoni aja?”

Anavula jekete n'kuikoloweka. “Mboni zimabwerera m'mbuyo, Wietske, ndaziona kambirimbiri. Ena mantha amangowagwira okha tsiku likayandikira. Mwina ndi mafoni aja, mwina ayi. Chojambulidwa palibe. Ine sindidzadziwa, iwenso sudzadziwa.”

Ndinkafuna andikalipire, andichotse ntchito, anene kuti ndi ine. Zikanapepukako. Iwo anangoti oweruza adzafuna lipoti langa lisanakwane Lachitatu.

Hafu pasiti naini khoti linayamba, ndipo ndinaimirira m'khonde kuonera pa kanema wa pakhoma. Loya wa mbali yozenga anadzuka n'kunena kuti Mboni 41 safika, ndipo alibe wina woti alankhule za mudzi wachitatu. Kamera inatembenukira kwa a Zelkovar. Ndinasendera pafupi, kuyang'anitsitsa nkhope yawo kuti mwina indiuza. Iwo ankangopukuta magalasi awo ndi nsonga ya tayi.