Mpando Wakutsogolo

Chaka chilichonse sukulu zikangotseka, ine ndi mwamuna wanga Olda timakoka kalavani yathu kupita ku mtsinje wa Lužnice. Bwato timalivundikira pa denga la galimoto, njinga ziwiri timazimanga pa chitsulo chokokera, pakati pa galimoto ndi kalavani. Bwatolo ndi lakale, koma Olda amalisamala kuposa mano ake. Pa Pasaka paliponse amadzitsekera m'galaja n'kupaka vanishi matabwa ake onse.

Pamadzi iye amakhala kumbuyo n'kumawongolera, ine kutsogolo. Wopalasa kutsogolo timamutcha háček, ndipo háček satembenuka. Umangomupatsa msana mnzakoyo, n'kukhulupirira kuti sakulunjikitsa pa mwala. Ndinakhala pa mpando umenewo ndili mtsikana, ndinakhalapo ndili ndi pakati, ndakhalapo ndi imvi zangazi.

Chaka chino ndinachitidwa opaleshoni ya phewa m'nyengo yozizira. Linapola, ndipo dokotala anati ndikhoza kupalasa bola ndisachite makani. Ndiye kutatsala sabata kuti tinyamuke, Olda akumwa supu, anayankhula maso ali m'mbale.

"Květa wa pa nyumba yachikasu ija alibe kopita chaka chino. Ndinakumana naye dzulo pa sitolo, anandimvetsa chisoni. Ndamuuza kuti titsagane. Ali ndi tenti yake. Mwina phewa likavuta angakulandireko nkhafi."

"Dzulo?"

"Dzulo. Zangochitika basi."

Květa ameneyu ukwati wake unatha kale, ndi wowonda ngati nkhafi yeniyeniyo, ndipo amaseka nthabwala isanathe. Ndinati chabwino, koma ngakhale mphaka wathu anamva kuti sizili bwino, anatsika pa mpando n'kutuluka.

Tsiku la ulendo Květa anatulukira pa geti ndi njinga yake ya batire, yolemera ngati mwana wa ng'ombe, n'kutipatsa moni.

"Ahoj Olda, wadzuka iwe? Mwadzuka bwanji mayi Draha?"

Mwamuna wanga ndi iwe, ine ndi inu, ngati ndine azakhali ake. Nsanje inandigwira pomwepo, sindibisa.

Olda anatenga sikelo ya kubafa, anaimika kathabwa, n'kutsamiritsapo mlomo wa kalavani, umene umakoledwa ku galimoto, monga amachitira chaka chilichonse. Atakweza njinga ya Květa pa chitsulo chokokera, muvi unathamanga. Kulemera kotero galimoto imakhala pansi. Kuimanga kumbuyo kwa kalavani n'kosathekanso, chifukwa kalavani imayamba kudzandira pamsewu ngati chidakwa. Ndiye anagamula kuti njinga zathu zikhale panja monga kale, ya Květa ilowe m'kati, igone pakati pa mabedi, pamwamba pa matayala. Ndipo kuti isakandike anaikulunga ndi chofunda changa cha nthenga.

"Ndiye ine ndikafunda girisi?" ndinafunsa.

"Tikakutumula, Draha. Usayambe."

Sikelo ikadali pabwalo, Květa anavula nsapato n'kudumphirapo.

"Olda, taona! Soseji yonse ija yapita kuti?"

Olda anaweramadi n'kuona. Munthu amene sadziwa n'komwe kuti ndinameta tsitsi liti.

"Takweraninso inu, mayi Draha," anatero Květa.

"Imeneyo ndi ya kubafa kwanga, imandidziwa kale."

Kuchokera pamenepo ndinalusa. Chikwama chake ndinati chatenga malo. Mabanzi amene anabweretsa ndinati ndi ouma. Mafuta amene anadzola ndinati andipweteketsa mutu. Zina zinali zoona, zina ndinkangofuna kuti wina amve kuwawa.

Itakwana nthawi ya bwato ndinapita kumutu kwake, mbali yanga, koma Olda anandigwira mkono. "Phewa," anatero. Analitulutsa awiriwo m'galaja lili chovundikira, analikweza, ndipo Květa analiika pakati penipeni pa denga, mbali zonse kufanana. Pamenepo ndiye panali polakwika. Zaka zonsezi Olda amangokoka malamba, wokankha ndimakhala ine, ndipo ndimalikankhira kutsogolo mpaka mutu wake utalendewera pa galasi ngati chipewa, kuti mchira utalikirane ndi kalavani.

"Bwatoli labwerera m'mbuyo kwambiri," ndinatero.

"Lili pakati, mayi Draha. Ine mabwato ndinayamba kumanga ndili pa sukulu."

"Munamangapo pa galimoto yokoka kalavani?"

Olda anapisa mkono pakati pa mchira wa bwato ndi kalavani. "Mpata si uwu?"

"Pano ndi posalala. Nanga pa chitunda chotsikira ku kampu?"

"Draha, kuyambira m'mawa! Chofunda, sikelo, mabanzi, tsopano bwato. Kwera tizipita."

Ndinakwera. Chowawa n'chakuti tsiku lonselo mawu oona ndinanena amodzi okha, ndipo ndinali nditawakwirira ndekha ndi zinyalala.

Njira yonse Květa anali atasuzumira pakati pa mipando yathu, chibwano pafupi ndi phewa la Olda, akukambirana za mathithi a pa Lužnice. Ankawadziwadi, n'chimene chinandinyansa kwambiri. Nditagawa buledi wa nyama yokazinga, Olda anapereka nkhaka yake kwa Květa. Kale nkhaka imeneyo inkabwera kwa ine popanda kupempha.

Kanjira ka ku kampu n'kotsetsereka, ndipo kamathera mwadzidzidzi pa dambo. Galimoto itafika pansi n'kuwongoka, kalavani inali ikadali pa chitunda, choncho inaweramira kutsogolo. Tinangomva phwaa! Mchira wa bwato unalowa pa windo la kalavani.

Anthu a m'matenti anathamangira kwa ife, mowa uli m'manja.

"Ahoj! Mwagubuduka musanaone n'komwe madzi?" anafuula bambo wina wandevu. "Lamulo mukulidziwa, wogubuduka amagula mowa wa ramu!"

Olda anatuwa. Květa anagwira pakamwa. Ine mtima unangoti myaa. Sindinanene kuti ndinanena ine, ndinangotsokomola kawiri.

Analitsitsa bwato n'kulitembenuza pa udzu. Onse anaunjikana kumchira kumene kunang'aluka, ndipo wandevu uja anati ali ndi guluu ndi nsalu yake, mawa liyandama. Ine ndinapita kumutu, kukaona mpando wanga.

Mpandowo ndi thabwa lomangidwa ndi masikuluwu pa timitanda tiwiri ta m'mbali. Ndinali ndisanayang'anepo pansi pake, munthu umangokhalapo. Tsiku limenelo ndinaona mzere wa zibowo zakale, zakuda, zolowera kumbuyo, chifukwa thabwa silinali kuziphimbanso. Ndinazindikira msanga. Wakutsogolo akalemera, mpando umabwezedwa m'mbuyo kuti mutu wa bwato usamire. Ndiye kuti zaka zonsezi, ine ndikunenepa, Olda ankasuntha mpando mwakachetechete, osandiuza ngakhale kamodzi. Misozi inalengeza, ndipo ndikanatha kumukhululukira nkhaka ija pomwepo.

Kenako ndinaona pamene mpando unali tsopano. Unali kutsogolo kwa zibowo zonse, kupitirira ngakhale choyamba, cha ndili mtsikana. Masikuluwu anali atsopano. Ndinawakanda ndi chikhadabo. Vanishi anali atauma pamwamba pake, gwa.

"Olda, tabwera."

Anabwera akupukuta manja.

"Květa unati unakumana naye liti pa sitolo paja?"

"Ndinakuuza kale, sabata yatha."

"Vanishi uyu unapaka pa Pasaka, miyezi ingapo yapitayo."

Anayang'ana masikuluwu, anayang'ana ine, khutu lake linafiira.

"Olda!" anaitana Květa kumchira. "Bwera udzandigwirire apa, guluu akuuma!"

"Pita, akukuitana," ndinatero. "Koma undisiyire sikuludiraiva."

Anaitulutsa m'thumba n'kundipatsa, ndipo anapitadi.

Ndinagwada pa udzu. Vanishi anali wolimba, phewa linkabaya ngati singano, koma ndinamasula onse. Ndinabweza thabwa mpaka pa chibowo chomaliza, chakumbuyo kwenikweni, cha thupi langa lino. Masikuluwu analowa osavuta. Kenako ndinalowa m'bwatomo pa udzu pomwepo n'kukhala pa mpando wanga, nkhope ku mtsinje, kuti aliyense pa kampu aone kuti háček wa bwato ili ndi ndani.

Kumbuyo kwanga ndinkamva Květa akuseka. Moyo wanga wonse pa mpando umenewu sindinatembenukepo, koma ulendo uno ndinatembenuka. Olda anali atagwada pambali pake, akumugwirira tsitsi kuti lisagwere mu guluu.