Zaka Ziwiri za Tiyanjane

Ndaphunzitsa Sosho zaka 19 tsopano, zisanu ndi ziwiri mwa izo kuno ku Mchinji, pa kasekondale koyendera kufupi ndi Kachebere. Ndine Theresa, kwathu ndi ku Chiradzulu, ndipo kunena zoona ndatopa. Chaka chilichonse ndimalemba pabolodi maufulu omwewo ochokera m'malamulo aakulu a dziko lino. Ana amakopera, amalemba mayeso, kenako amapita kukagulitsa soya kumalire n'kuiwala zonse. Sindiwadzudzula, poti nanenso ndikaweruka ndimaiwala.

Chokhacho chimene ndinali ndisanachisiye ndi mwambo wa Lolemba. Mwana aliyense wa Fomu 4 ankayenera kubwera ndi nkhani imodzi ya kukhoti kapena ya ku nyumba ya malamulo yomwe wamva pawayilesi, kuti tiikambirane. Ambiri ankabwera ndi zigoli za mpira. Koma panali mtsikana wina wamtali, Tiyanjane, yemwe ankabwera ndi nkhani yake atailemba kuseri kwa kope, mafunso ali m'munsi. Ana otere amasangalatsa sabata yoyamba, kenako amakutopetsa, chifukwa amakhulupirira chilichonse chimene wanena.

Mu Novembala wa 2024 kalembera wa mavoti anafika m'boma lathu. Masabata angapo m'mbuyomo tinali titakambirana za mkangano wa ziphaso za unzika womwe unafika mpaka kukhoti, ndipo ndinali nditawauza ndi pakamwa pangapa kuti nzika iliyonse yokwana zaka 18 ili ndi ufulu woponya voti. Lolemba lina Tiyanjane sanatsegule kope lake. Anadikira anzake atuluke.

"Madamu, andibweza," anatero.

"Akubweza kuti?"

"Kukalembera. Akuti ndine mwana."

Anandipatsa chiphaso chake. Chinkati anabadwa mu Malichi 2008, kutanthauza kuti pa tsiku la chisankho adzakhala ndi zaka 17. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ngati uyu anali mwana wa 2008, ndiye kuti ine ndine namwali.

"Ndinabadwa 2006," anapitiriza. "Amayi akudziwa, mudzi wonse ukudziwa. Ndinayamba sukulu mochedwa, ndili ndi zaka eyiti, ndiye polemba anandibweza ziwiri kuti ndisaoneke nkhalamba mu Sitandade 1. Chiphaso chinangotsatira za kusukuluzo."

Zimenezi sizinandidabwitse. Theka la kalasi langa linabwezedwa zaka. Ndinamufunsa ngati ali ndi khadi la kusikelo, ndipo anatsitsa mawu ngati akuulula zakuba.

"Lilipo, koma ndi la ku Zambia. Chaka chimenecho mtsinje unadzaza, njira ya kuchipatala cha kuno inatsekeka. Cha tsidya lija chili pafupi, ndiye amayi anakachirira kumeneko. Khadilo amalibisa. Ngakhale ine ndinaliona kamodzi kokha."

"Bambo ndi mayi ako ndi a kuno?"

"Onse. Bambo anaikidwa konkuno."

"Ndiye ndiwe Mmalawi, olo ukanabadwira pamwezi. Lamulo limayang'ana makolo."

Nkhope yake inawala, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti ndadziputira ntchito. Walira mvula walira matope. Tsiku lomwelo ndinakwera kabaza kupita kuboma. Mkulu wina wa kuofesi ya ziphaso, a Gerald, anandimvetsera bwinobwino uku akudzikupiza ndi envulopu. Anati tsiku lobadwa silisinthidwa ndi pakamwa, pamafunika umboni wolembedwa wa kumene munthu anabadwira. Tikabweretsa khadilo adzalemba fomu n'kutumiza. Sanalonjeze kuti zitheka kalembera asanatseke Lachisanu, koma anati tiyese.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Tiyanjane ankakhala m'kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, kwawo ankapita Loweruka lokha. M'malo momutuma iye mwini, ine mayi wa m'boma ndinachita zomwe timadziwa ife a m'boma: ndinalemba kalata. Ndinatenga pepala la sukulu, ndinalemba kuti Lachitatu ndibwera kudzatenga khadi la ku Zambia kuti tikalionetse kuofesi. Kuti ioneke yolemekezeka ndinapempha ahedi adindepo chidindo. Ndinapatsa wakabaza wa kumudzi kwawo, n'kubwerera m'kalasi ndikudziona ngati munthu wochita zinthu mwadongosolo.

Lachitatu titaweruka tinanyamuka awiri. Dzuwa la Novembala linali lotentha moti anthu anali atasiya kugalauza, makasu atangoimikidwa m'mizere. Mudzi wawo uli m'malire enieni, minda ina imayambira kuno n'kukathera ku Zambia. Mayi ake, a Veronika, anatilandira bwino. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, anabweretsa thobwa, ndipo anandifunsa za kwathu mpaka za agogo anga.

Nditamwa ndinati, "Mayi, kalata ija inafika?"

"Inafika, aphunzitsi. Zikomo kwambiri potichenjeza."

"Kukuchenjezani?"

"Eee. Musade nkhawa, ndakonza. Ndinaliponya pamoto dzulo lomwelo. Olo abwere apolisi asanthule nyumba yonse, sapeza kanthu."

Anayankhula monyadira, ngati munthu amene wapha njoka ana asanaione. Tiyanjane anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono.

"Amayi, mwawotcha?"

"Nanga ndikanatani mwanawe? Zaka zonsezi ndalisunga m'jumbo kutsindwi, osauza munthu. Lero kalata ibwere ya chidindo, yoti boma likufuna kuliona? Waiwala za a Eliza apo? Anangomveka kuti anabadwira tsidya lija, dzina lawo linasowa pa mndandanda wa makuponi zaka zitatu. Iwe watsala pang'ono kulemba mayeso a Fomu 4. Ndilole akuchotse sukulu akuti ndiwe wobwera?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za makolo, za unzika, za gawo lakutilakuti. Mawu omwewo amene ndimanena kutsogolo kwa bolodi ankatuluka okha, ine ndikuwamva ngati akuyankhula munthu wina. A Veronika ankagwedeza mutu mwaulemu, koma maso awo ankandimvera chisoni.

"Inu aphunzitsi ndinu ophunzira," anatero nditamaliza. "Koma malamulowo ali m'buku mwanu. Ife kuno timaona amene akubwera ndi cholembera."

Ndinakwiya, koma mkwiyo wanga unasowa pogwera. Mayiyu sanali wopusa. Anateteza mwana wake m'njira yomwe moyo wa m'malire unamuphunzitsa, ndipo chidindo chija ndinachipempha ndine. Ndinafunsa ngati chipatala cha tsidya lija chingakhale ndi mabuku a 2006. Anaseka. Anati nyumba yakaleyo anaigwetsa kalekale, anamanga ina, ndipo anamwino a nthawi imeneyo sakudziwika kumene ali.

"Komanso kuvotako aphunzitsi, kwatipatsa chiyani ife?" anawonjezera. "Ine ndavota kangapo konse, dengali likudonthabe. Mwanayu angolemba mayeso ake mumtendere."

Anatipatsira mtedza m'kathumba, anatiperekeza mpaka pamsewu, ndipo anandithokozanso kachiwiri chifukwa cha kalata ija.

Wakabaza anachedwa, choncho tinayamba kuyenda wapansi. Tiyanjane anali patsogolo, ine pambuyo, fumbi likulowa m'nsapato. Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena akanandinyoza.

"Tikhoza kuyesa kutchalitchi," ndinatero. "Mwina buku la ubatizo..."

"Ndinabatizidwa ndili mu Sitandade 5, madamu. Analemba za kusukulu zomwezo."

Tinayendanso kamtunda. Kenako anaima n'kutembenuka.

"Madamu, pamayeso akafunsa kuti ndani ali ndi ufulu wovota, ndiyankhe zija munatiuza?"

"Uyankhe zomwezo."

"Chabwino. Nanga akafunsa zaka zanga?"

Ndinayang'ana kumsewu ngati ndikufuna kabaza. Zaka 19 ndakhala ndikuuza ana kuti funso lililonse lili ndi yankho lake m'buku.

Kalembera anatseka Lachisanu. Lolemba lotsatira ndinalowa m'kalasi ndi choko changa n'kufunsa mwa nthawi zonse kuti ndani wabwera ndi nkhani. Mnyamata wina anayamba za mpira, anzake n'kuseka. Ndinayang'ana pakona pomwe ankakhala mtsikana wamtali uja. Tiyanjane anali atatsegula kope lake kutsogolo, osati kuseri, ndipo ankakopera manotsi a Jogalafe.

"Tiyanjane, wamva chiyani sabata ino?"

Anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Sindinamvere wayilesi, madamu. Zimenezo n'za akuluakulu."