Tsiku Limene Lenlen Anatumbula Laputopu ya Mkulu Wake

M'kanjira kathu ka ku Novaliches chinsinsi sichigona. Ukatsokomola kuchipinda, wa nyumba yachitatu amakufunsa ngati wamwa mankhwala. N'chifukwa chake mpaka pano anthu amadabwa kuti Ate Maricon, mkulu wake wa Lenlen (kwathu kuno mkulu wako wamkazi umamutcha Ate), anabisa bwanji nthawi yonse ija kuti ntchito inamuthera. M'mawa uliwonse ankavala yunifomu, kupaka milomo, n'kukwera jipu yonyamula anthu ngati akupita ku ofesi, chonsecho akukangokhala m'sitolo ina yaikulu yoziziritsidwa ndi makina, kusakasaka ntchito pa foni. Ankadziwa ndi Lenlen yekha.

"Ukangouzako munthu, ndikumeta nsidze uli m'tulo," anatero Ate Maricon. "Makamaka Nanay. Iwo akukolopa nyumba za eni ake ku Dubai kuti ine ndiphunzire, ndiye amve zoti ndili pa ulova?"

Tsopano Loweruka lina masana Ate Maricon anali ndi intavyu ya pa kompyuta, ku kampani ina yoyankha mafoni a makasitomala. Akukampaniwo anamuuziratu kuti pa foni ayi, pakufunika laputopu chifukwa adzamuyesa kutayipa iwo akuona. Laputopu m'nyumbamo inali imodzi yokha, ija mayi awo, amene ankawatcha Nanay, anatumiza m'katoni ya Khirisimasi itakulungidwa m'matawulo, pakati pa sopo ndi chokoleti.

Lenlen za intavyuzo ankazidziwa bwino, koma mutu wake unali pa gemu ya pa intaneti imene ankasewera ndi anzake. Laputopuyo inali yabwino polemba, koma pa gemu inkachita chibwibwi. Mdani akatulukira chithunzi chinkauma gwa, chikamadzayendanso iye wafa kalekale. Anzake a m'timu anafika pomutcha Chiboliboli. Ndiye Dindin, mnzake wa pondaapanepondepo, anabwera ndi nzeru. Mchimwene wake wa Dindin popita kukagwira ntchito m'sitima za panyanja anasiya khadi la zithunzi lothandiza kompyuta kuyendetsa bwino magemu, chinthu chachikulu ngati njerwa, cha mafani awiri, pamodzi ndi bokosi lake la magetsi ndi kathabwa kolumikizira kamene anagula ku Gilmore, kumsika wa zida za makompyuta, kokhala ndi waya wophwatalala ngati lamba.

"Timangoyesa basi," anatero Dindin. "Ate wako akamachokera ku saluni, tikhala titabwezeretsa zonse. Sadziwa n'komwe."

Ate atangotuluka kukakonzetsa tsitsi, atsikana awiriwo anagadamitsa laputopu pa tebulo lodyera. Timabawuti anatiika m'mbale ya viniga kuti tisasowe. Dindin anagwira foni pamene bambo wina wa mu vidiyo ankasonyeza chochita, koma bamboyo ankalankhula kwambiri, ndiye Dindin ankangomudumphitsa.

"Akuti uchotse kakhadi ako, kali ndi timawaya tiwiri, kakuda ndi koyera. Lambayu alowa pamenepo."

"Kakhadika n'kachiyani?"

"Kaya. Akanakhala kofunika akanakapanga kakakulu."

Timawayato tinakana kuchoka, ndiye Dindin anatikanula ndi chowengera zikhadabo. Panamveka kuti thi! Anayang'anana, kenako onse awiri anachita ngati sanamve. Analowetsa lamba, kulumikiza khadi lalikulu ku TV, n'kukhazika laputopu pa zitini ziwiri za nsomba chifukwa kunsi kwake sikukanatsekekanso.

Atayatsa, mdima. Anazimitsa, kuyatsanso, mdima womwewo. Lenlen thukuta linali kamukamu. Anayamba kulonjeza Mulungu zinthu zimene sanaziganizepo chibadwire. Atayesanso, mafani aja analira ngati ndege ikunyamuka, TV n'kuwala.

Koma inu, kukongola kwake! Udzu wa mu gemu unkaoneka umodziumodzi, tsitsi la msilikali wake likuuluka ndi mphepo. Dindin anavina kuzungulira tebulo. Lenlen anadina kuti alowe m'timu, anzake aone kuti Chiboliboli chadzuka. Gemu inayankha kuti palibe intaneti.

Anayang'ana pakona pamene pamakhala kachizindikiro ka waifai. Kunalibe. Osati kuti kafooka ayi, kanasoweratu ngati sikanakhalepo.

"Din," anatero Lenlen, "tabweza vidiyo ija. Pamene unadumphitsa paja."

Bambo wa mu vidiyo, modekha bwinobwino, anafotokoza kuti kakhadi kakang'onoko ndiye ka waifai, ndipo amene wakachotsa akonzeretu waya wa intaneti. Lenlen anatola kakhadi kaja m'mbale. Kamutu kagolide kolowetsapo waya kanali katathothoka, kakulendewera ku nsonga ya waya wakuda. Ndiko kanalira thi kuja.

"Timate ndi guluu," anatero Dindin.

"Guluu wakumutu kwako! Intavyu ya Ate ndi masana ano!"

"Intavyu yanji?"

Lenlen anagwira pakamwa. Koma zinali zitatuluka kale, ndipo nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Ate Maricon anaima pakhomo, tsitsi lili see, m'manja atanyamula nthochi zokazinga za atatu. Anayang'ana tebulo, mawaya ali balalabalala ngati matumbo a nkhuku, laputopu ili pa zitini. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaika nthochi pansi pang'onopang'ono n'kukhala pa mpando.

"Ikugwira?"

"Ikugwira, Ate, koma intaneti…" Lenlen anamusonyeza kakhadi kaja.

"Bwezeretsa."

"Kathyoka, Ate."

Kupita ku Gilmore kukagula kena, ndi magalimoto a Loweruka, akanabwerako dzuwa litalowa. Foni nayo m'nyumba mwawo imagwira netiweki pokhapokha utaitulutsa pa zenera la kubafa. Ate anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ndinakana zina zonse kudikira imeneyi, Len. Ndikaiphonya sakandiitananso."

Apa Lenlen anakumbukira mawu a bambo uja. Waya. Waifai imene ankagwiritsa ntchito inali ya Aling Pising, mayi wa kagolosale ka kutsidya kwa kanjira, ndipo mwana wawo kale ankachita bizinesi ya makompyuta a intaneti oponyamo ndalama zachitsulo. Waya wabuluu wautali unali ukadali pa msomali m'golosalemo.

Koma Aling Pising! Mayi amene uja akakubwereka singano amafuna adziwe chang'ambika n'chiyani, wang'amba ndani, ndipo munali kuti. Komanso mwana wawo wamkazi, Jonabel, amagwira ntchito ku Dubai komweko ndipo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi Nanay.

"Ukanene kuti ndi za kusukulu," anatero Ate.

Lenlen anawoloka kanjira. Anapeza Aling Pising atatsamira pa zenera la golosale, akudzikupiza ndi katoni.

"Aling Pising, mungatibwerekeko waya wabuluu uja? Ndili ndi homuweki."

"Homuweki Loweruka? Iwe amene? Nanga waifai yanga yatani, yakulakwira?"

"Laputopu yavuta pang'ono."

"Eee. Nanga mkulu wako wakonzetsa tsitsi chifukwa cha homuweki yakoyo? Ndamuona akudutsa. Kukubwera mwamuna eti? Ndi uja wa njinga yamoto?"

"Ayi, Aling Pising, chonde, nthawi ikutha."

"Waya uli pamwamba, mwana wanga, ndipo msana wangawu umafuna chifukwa chomveka kuti ukwere pa mpando."

Lenlen anacheuka. Ate Maricon anali pa zenera lawo, nkhope ili mbuu. Anayang'anana kanthawi. Kenako Ate anatseka maso n'kugwedeza mutu kamodzi.

Lenlen ananena zonse. Za ntchito, za yunifomu, za jipu, za intavyu. Maso a Aling Pising ankangokulirakulira ngati a mwana amene wapatsidwa keke yonse. Msana uja unachira pompo. Anakwera pa mpando, kutsitsa waya, kuulowetsa okha m'kabokosi ka intaneti. Lenlen anaukoka kudutsa pamwamba pa kanjira, kuupachika pa chingwe choyanikira zovala, n'kuulowetsa pa zenera. Pamene ankaulumikiza ku laputopu, anamva mawu a mayi aja ali kale pa nyumba yachiwiri: "Mwamva za Maricon?"

Intaneti inabwera. Dindin anafuna kuchotsa khadi lalikulu lija kuti phokoso lichepe, Lenlen anamumenya dzanja.

"Usakhudze! Ikazima sidzukanso imeneyi."

Choncho Ate Maricon anakhala pa tebulo, bulauzi yoyera yosita bwino, kutsogolo kwake kuli laputopu ya pa zitini za nsomba, pambali mafani akulira. Lenlen anakhala pansi pa tebulo atagwira lamba uja ndi zala ziwiri kuti asagwedezeke. Ankangoona mapazi a mkulu wake m'masilipasi.

Chimene ankachiopa tsopano chinali phokoso la panja. Loweruka masana m'kanjira kathu mumakhala makina oimbira a bambo ena otchedwa Mang Turing, atambala ake omenyanitsa, ana, njinga zamoto, wogulitsa ayisikilimu ndi belu lake. Koma mwadzidzidzi nyimbo ija inadukira pakati. Lenlen anasuzumira pa mpata wa chitseko. Aling Pising anali ataima pakati pa kanjira ndi tsache, akubweza njinga yamoto. Mang Turing ankafunditsa atambala ake matawulo. Anthu anali atadzaza kunsi kwa zenera, onse chete, makutu ali tcheru.

Mayi wa ku kampani anaonekera pa TV, nkhope yaikulu ngati beseni.

"Kumeneko kukugwa mvula? Ndikumva kuwomba."

"Ndi fani, madamu," anayankha Ate. "Kwatentha."

Mafunso anayamba. Zala za Lenlen zinachita dzanzi, mwendo unayamba kukokana, mphuno inayamba kuyabwa, koma sanasunthe. Nthawi ina chithunzi chinaphethira, mtima wake n'kuima nacho limodzi, kenako chinabwerera. Pamwamba pake ankamva Ate akutayipa, tebulo likugwedezeka, zitini zikusuntha pang'onopang'ono kulowera kumphepete. Anachirikiza chitini chimodzi ndi chipumi.

Pomaliza mayi uja anati, "Chabwino, Maricon. Lolemba muyambe maphunziro. Koma mupeze fani ina."

TV isanazime n'komwe, panja panabuka chimfuu. Mang Turing anayatsanso makina ake. Ate anasuzumira pansi pa tebulo, m'maso muli misozi, chipumi cha mng'ono wake chili ndi chidindo chozungulira cha chitini.

"Tuluka, Chiboliboli iwe," anatero. "Nsidze zako ndiziganizirabe."

Lenlen asanawongole n'komwe miyendo, foni ya Ate inalira pa zenera la kubafa. Dindin anathamanga kukaitenga, n'kubwera nayo ataigwira ndi nsonga za zala ngati yotentha.

"Ndi Nanay wanu." Nkhani inali itafika kale ku Dubai kudzera kwa Jonabel.

Ate anailandira n'kupita nayo kubafa komweko kumene imagwira. Lenlen anamata khutu pa chitseko. Anamva Ate akuti, "Inde, Nanay. Pepani, Nanay. Ndimaopa kuti mudandaula." Kenako kunamveka kufwenthera, kenako kaphwete. "Andilemba, Nanay. Lolemba."

Lenlen anapumira m'mwamba. Anali atayamba kale kudya nthochi yake pamene chitseko cha bafa chinatseguka. Ate Maricon anatulutsa dzanja lokha, foni ili m'manja.

"Akuti ubwere. Akufuna amve kwa iwe mwini kuti laputopu imene anatumiza yafika bwanji pa zitini za nsomba."