Magolovesi a Mbali Inayo

Nditangomaliza sukulu ndinapeza ntchito ku labotale ya mabatire ku Kenitra, ndipo sabata isanathe mtima wanga unali utagwa kale pa Mbarek, wondiphunzitsa ntchito. Iye sankadziwa.

Batire yathu ilibe madzi m'kati. Kachitsulo kofewa ka lithiyamu kamayenera kumatirira pakambale kouma, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Mpata ukatsala, batire imafa. Lithiyamu sagwirizana ndi mpweya wakunja, choncho zonse timachitira m'bokosi lagalasi lotseka, manja titalowetsa m'magolovesi aatali akuda omangidwa pagalasipo, awiri mbali ino, awiri mbali inayo. Akakhala opanda munthu amafufuma n'kutulukira kunja ngati akupempha kanthu.

Abwana anali atanena kuti batire ikafanso ntchito itsekedwa, Mbarek abwerera kwawo ku Oujda.

Lachisanu masana onse ananyamuka wa ku mzikiti.

"Nezha, usakhudze kanthu," anatero Mbarek akutuluka. "Kukanikiza kumafuna anthu awiri. Iwe paja tiyi umamwa asanawire."

"Inu mumadikira mpaka achite kuzizira, achimwene."

Kudikira kunandikanika. Ndinalowetsa manja, n'kuyala lithiyamu uja, koma kambale kanangoterereka. Kenako magolovesi a mbali inayo anapindikira m'kati pang'onopang'ono, zala zake n'kugwira kambale, n'kugwiranso zanga. Zinali zofunda. Ndinati Mbarek wabwerera chifukwa cha ine, ndiye ndi manyazi sindinadzutse maso. Tinakanikiza limodzi mpaka zinamatirira.

Nditayang'ana, kuseri kwa galasi kunali mpando ndi khoma basi. Zalazo zinali zidakali pa zanga.

Mbarek anabwera akununkhira kusikusi, chakudya chimene anthu akuno amadya akachoka ku mzikiti Lachisanu, n'kuyeza batireyo kawiri.

"Yagwira. Wakugwirira ndani, wosamva iwe?"

"Palibe."

"Ndiye ku Oujda adikire kaye. Koma abwana afuna zina ngati iyi."

Lolemba tinapanga ina, iye mbali inayo, ine ino. Inafa. Yamawa lake nayonso inafa. Zimakhala ndi moyo ndi zokhazo zimene ndapanga m'chipinda mulibe munthu.

Mbarek akadali kuno, ndipo masiku ano amandisungira ndiwo za kusikusi. Lachisanu lililonse ndimamuuza kuti ndilibe njala, ndimadikira chitseko chitsekeke, n'kulowetsa manja. Sabata yatha zalazo sizinalabade za kambale. Zinakwera mpaka m'chigongono mwanga.